Lachinayi ndi Langa

Mayina ali pa pepala limene a Nazimbiri
anakhoma pa mtengo wa mkuyu:
Lolemba Mafukeni, Lachiwiri mkazi wa Sitolo,
Lachinayi ine Kachingwe,
ndi tochi yanga ya mabatire otopa.

Dimba ili n'la anthu khumi ndi asanu ndi awiri.
Mbewu ya repu tinachita kusonkherana,
kheni yothirira ndi imodzi, yodontha pakhosi,
madzi timalimbirana ndi dzuwa
pa chitsime cha m'dambo la kwa Chulu.

Palibe chimene sitinayese.
Minga ya mthethe inatiboola zala.
Khonje tinabzala, koma khonje sadziwa changu.
M'zitini tinaika timiyala n'kumangirira pa chingwe,
tsitsi tinakapempha kwa ometa pamsika,
ati fungo la munthu limaopsa nyama.
Chidole tinachiveka jekete ya malemu Gomani:
sabata isanathe
agwape anadya mpiru pamapazi pake penipeni.

Iwo sabwera ngati njovu, kuthyola mitengo poyenda.
Amakwawira pansi pa waya wa nkhalango
pamene nguluwe inafukula,
ziboda zawo n'kusiya timitima tong'ambika m'matope.

Usiku uja wa Julaye chisanu chinalowa m'mano.
Ndinakhala pa chulu, chidebe pakati pa miyendo,
ndodo m'manja, yodikira kuguguda.
Tambala woyamba asanalire
masamba a kabichi anati tswa.

Ndinayatsa.
Maso awiri obiriwira. Kumbuyo kwake awiri ena, pansi kwambiri.
Mayiyo ankatsimphina:
mwendo wakumbuyo unali ndi mphete ya chilonda,
ntchito ya msampha wa waya wa buleki ya njinga.
Mfundo yotero ndimaidziwa.
Manja anga anaiphunzira chaka cha njala.

Ndodo inalemera ngati mtanda wa denga.
Anathyola tsamba, natafuna akundiyang'ana,
kamwanako kakununkhiza anyezi n'kuyetsemula.
Mzere umodzi. Mzere wachiwiri.
Ndinawerenga: apo sopo wa a Nazimbiri,
apo makope a mwana wa Sitolo.
Pa mzere wachitatu ndinakhosomola chabe,
nachoka osathamanga.

Kutacha gulu linaima m'mbali mwa bedi,
manja m'chiuno.
"Unali kuti, Kachingwe?"
"Ndinagona," ndinatero.
Wogona pa ulonda chindapusa ndi zikwi ziwiri;
woonerera gwape akudya
malamulo athu sanamuganizire.

Ndinagulitsa nkhuku yachitsotso ija, ndinalipira.
Madzulo ndinasenza miyala mpaka kuwaya,
ndinatseka dzenje la nguluwe,
n'kupondaponda dothi ndi chidendene.

Repu waphukanso.
Mafukeni akuti jekete ya Gomani yayamba kugwira ntchito.
Lachinayi ndimakhalabe pa chulu,
tochi yozima,
makutu ali kuwaya.