Pakati pa 212 ndi 215

Wina analidula ndi lezala,
bwinobwino, ngati namwino wochotsa ulusi pabala.
Buku la zigamulo, lachikuto chofiira,
lonunkha fumbi ndi mphemvu,
limafika pa tsamba 212 ndi mawu akuti
"choncho khothi lino lapeza kuti"
kenako 215 n'kuyamba za ng'ombe za munthu wina.

Ndinakadandaula kwa a Mkwapatira pa kauntala.
Sanadzutse n'komwe mutu.
"Limenelo linapita iwe usanamere mano.
Analidulayo mwina pano amavala wigi ku Blantyre."
Anadinda deti pakhadi langa, phaa,
ngati nkhani yatha.

Chaka choyamba ankatiloweza Chilatini
chimene ngakhale ansembe anachisiya kalekale.
Tinkachibwereza usiku m'kachipinda ka lendi ku Chikanda,
anthu anayi, kandulo imodzi,
denga likudonthera m'beseni.
Chaka chachitatu tinavala mikanjo yobwereka,
wanga wokwekwereza pansi,
n'kumatsutsana pa milandu ya anthu opeka.
Bambo A anagulitsa galimoto kwa Mayi B.
Bambo A salira.
Mayi B sasowa ya minibasi.
Mlanduwo ndinapambana, anzanga anandiombera m'manja.

Lachitatu lapitali,
ku chipinda chomwe timathandizirako anthu mwaulere,
kunabwera Abiti Saizi a ku Songani.
Anasiya patapata pakhomo.
Anamasula mfundo ya chitenje
n'kutulutsa kapepala kofewa ngati nsanza,
inki yake itasuluka ndi thukuta.
Mwana wawo Ndalama ali kundende yayikulu ija,
mvula yachitatu tsopano, osazengedwa,
pa nkhani ya njinga ya kabaza.
Kupolisi akuti fayilo ili kukhothi.
Kukhothi akuti kalaliki amene ankaidziwa
anamusamutsira ku Machinga.

"Inu mwawerenga," anatero.
"Tandiuzani pamene palembedwa kuti azingokhala."

Ndinayasama.
Chilatini chonse chija chinakakamira kukhosi
ngati mbatata yopanda madzi.

Ndinathamangira ku laibulale.
Makompyuta amoyo ndi atatu,
mzere wake ngati wa pachigayo,
intaneti ikungozungulira, kuzungulira.
Chifunga chinali chitatsika kale paphiri
n'kumeza mitengo ya paini.
Ndinabwerera ku buku lofiira lija
ngati lilime lobwerera pa dzino loguluka,
pakuti mlandu wa pamenepo
unali wa munthu wosungidwa osazengedwa.

A Mkwapatira anandiyang'anira pamwamba pa magalasi.
"Ndi za mayeso?"
"Ayi. Ndi za munthu."
Anakhala chete. Kenako anakoka dirowa yapansi,
ija amasungamo chigumu ndi mankhwala a shuga,
n'kutulutsa kope la ana a pulayimale.
Masamba awiri, zilembo zopendekeka za bolopeni.
Anakopera okha, pamanja, tsiku lina ali patchuthi,
m'buku la loya wina wokalamba ku Limbe.
M'kopemo munali masamba enanso ambirimbiri,
onse amene malezala anadya pa zaka makumi awiri.

"Sindipatsa aliyense.
Ofuna magiredi amang'ambanso.
Ubweze lisanakwane Lachisanu."

Munthuyu alibe digiri.
Tsiku la mikanjo ndi zisoti
amakhala kuseri, akuwerenga mabuku osabwezedwa.

Usiku wonse ndalemba pempho la belo.
Aphunzitsi athu, mayi Nankwenya,
alicheka ndi inki yofiira kanayi,
akuti chiganizo changa chimodzi n'chachitali
kuposa msewu wokwera ku Ku Chawe.
Lachisanu ndi chimenechi asayinira.

Tsopano ndili pageti la ndende,
nsapato zopolishidwa zitadzaza matope,
kope lili m'jumbo pansi pa malaya.
Abiti Saizi agwira kontena ya mpunga ndi nandolo,
msilikali akuibaya ndi supuni.
Sindikudziwa ngati woweruza adzamve.
Sindikudziwanso nkhope ya Ndalama.
Aitana dzina lake kawiri m'katimo,
ndipo kutali, kuseri kwa chitseko chachitsulo,
wina wavomera.