Mpanda wa Kuseri Kwathu

Anabwera Lachiwiri ndi tepi yoyezera ndi zikhomo zofiira,
nsapato zawo zosadziwa matope a Kanyama.
Anayeza bwalo limene ana amamenyerapo mpira wachikulunga,
anayeza mpaka pamene ndimayanika zovala,
kenaka mmodzi anandipatsa moni
ngati munthu wokumbukira ngongole.

Akuti fakitale. Akuti ya masola,
magalasi akumwa dzuwa aja.
Ine ndimagulitsa makala, chaka cha khumi ndi chinayi chino,
timapepala tapulasitiki kundanda pathebulo,
ndipo magetsi akathima Lusaka yense
ndi pamene ana anga amadya ndiwo za mafuta.
Munkafuna ndiombe m'manja?

Kumsonkhano wa pasukulu a Lazalo Njobvu anaimirira,
chipewa m'manja.
"Madzi anu otsukira adzapita kuti?
Kuno mvula ikagwa
chimbudzi ndi chitsime zimapatsana moni."
Wa tayi anatsegula pepala, natsekanso.
Anati adzayankha Lachisanu.
Lachisanu limenelo linayenda miyezi itatu
koma linafika ndithu:
anakumba ngalande, anaithira simenti,
a Njobvu n'kuiyendera yonse ndi ndodo yawo,
kugogoda ngati wogula mbiya.

Anzanga anasaina. Ine ayi.
Ndinati dzanja langa ndi lakuda, ndingadetse pepala lanu.

Fumbi linalowa mpaka m'shuga.
Malole ankabwerera m'mbuyo akulira usiku wonse,
khoma langa linachita mng'alu
umene ndinauonetsa kwa kapitawo katatu
asanatumize mnyamata ndi ndowa ya simenti.
Mpira unasamukira kumsewu.
Mwana wa a Mvula anathyoka mwendo kumeneko,
zimenezo musaiwale polemba mbiri yanu.

Tsiku lina Esinala, mwana wanga wachiwiri,
amene satifiketi yake inkagona pansi pa matiresi zaka zinayi,
anabwera ndi chikhoti choyera ndi kakhadi pakhosi.
"Amama, m'katimo savala nsapato zakunja.
Ngakhale tsitsi timalifunditsa."
Ndinayang'ana zikhadabo zake.
Zinali zoyera ngati za mlendo.
Sindinadziwe ngati ndilulutire kapena ndibise zanga.

Masola ankatuluka pageti atamangidwa bwinobwino,
kulowera msewu wa Mumbwa, kulowera wa Kafue,
kukayatsa nyumba za anthu amene sitidzawaona,
ife kuseri kwa mpanda tikupapasa machesi.
Ndinkawawerenga malolewo. Sindikudziwa chifukwa chake.

Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo,
anabwera nalo limodzi pawilibala,
lokalika pakona, losayenera sitolo,
amudula pamalipiro miyezi isanu.
A Njobvu omwewo ndi amene anagwira makwerero.
Tinalitsamiritsa padenga pakati pa miyala ndi tayala lakale.

Usiku umenewo babu linayaka
osafunsa ngati ku Kariba madzi alipo.
Chimene ndinaona poyamba si nkhope za ana,
koma khoma langa:
mwaye wa zaka khumi ndi zinayi,
zidindo za zala zanga pachitseko,
pakalendala, pachithunzi cha malemu bambo awo.
Ndinakhala pansi osanena kanthu.
Esinala anayamba kusaka nsanza.
Ndinati zisiye, tiona mawa.

Makala ndikugulitsabe, nyemba sizipsa ndi babu.
Koma masana, belu la fakitale likalira,
a zikhoti zoyera amatulukira pa thebulo langa
kufuna chinangwa chootcha ndi mtedza,
ndiye mbaula yanga imayaka chifukwa cha anthu a dzuwa.
Zina ukaziona umangoseka wekha.

Pepala lija sindinasainebe.
Palibe amene wabweranso kudzandifunsa.
Koma Loweruka lililonse m'mamawa
ndimakwera pa dilamu ndi kansalu konyowa
kupukuta fumbi pagalasi lija,
ndikuyang'ana kutsidya kwa mpanda
ngati ngalande yawo akuisesa.