Bongololo wa Lachiwiri

Ndinalawirira, choko chili m'thumba,
phunziro ndalikonza kale:
a, e, i, o, u, anene pamodzi kasanu.

Koma usiku mvula inatsika m'phiri,
Likangala akulindima kumunsi kwa Chikanda,
ndipo pakhonde la sukulu yathu ya mkaka
Twaibu wagwada m'matope.
Sakundimva n'komwe.

"Anti, mwendo uti umayamba kuyenda?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwaitanire pamkeka.
Ndinatsekanso.
Ndinagwada nanenso, ndi chitenje chatsopanocho.
"Sindikudziwa," ndinatero,
mawu amene sanatiphunzitse
ku maphunziro a alezi.

Anaunjikana onse khumi ndi anayi, mitu kugundana.
Sakina ankawerenga miyendo ndi timiyala
mpaka timiyala tinatha, miyendo ikadalipo.
Wina anamkhudza ndi kaudzu,
bongololo n'kudzipinda.

"Walemba o!" anakuwa Ndaona,
amene chibwerere mu Januwale
sanatulutsepo liwu.

Masana mayi ake a Twaibu,
pochokera ku Mpondabwino,
anatsegula kope, n'kulipeza loyera mbee.
"Nanga lero mwawaphunzitsa chiyani?"

Ndinayang'ana mawondo anga.
"Mufunseni mwiniwakeyo.
Koma tulani kaye dengulo,
nkhani yake ndi yaitali."