Kamzere Kachiwiri

Waifai ya kusukulu imathera pa mpanda wa miyala
pomwe nkhosa za a Huallpa zimakanda misana.
Ndinayeza ndekha ndi mapazi:
pa mpandapo timizere tiwiri,
ukakwera chitunda pang'ono kamodzi kofooka,
pakhomo pathu zii.

Amayi sangatsikeko.
Mwendo unawakanira chaka cha matalala aakulu.

Mchimwene wanga Edilberto ali kumigodi ya mkuwa ku Chile.
Amajambula mawu usiku akatuluka pansi,
ine n'kukawatunga kumpanda m'mawa,
kubwera nawo atazizira kale.
Amayi amamvetsera, n'kuyankha foniyo
ngati munthu akadali momwemo.

Amalume Fermín, owotcherera ndowa mumsika wa Ayaviri,
anafika Lachinayi ndi chitini cha mafuta ophikira,
lumo la malata, pensulo kukhutu.
Akuti mafundewa sabowola chitsulo,
akagunda amabwerera,
ndiye ungowapindira njira akakumane pamodzi,
foni n'kuikhazika pamkumanopo.
Anadula, anapinda ngati khwawa,
anadzicheka chala,
magazi n'kudonthera pa duwa la mpendadzuwa lojambulidwa pachitinipo.
Anatukwana m'Chikechuwa, amayi n'kuseka kuchipinda.

Tinamanga foni ndi mphira wa chubu cha njinga,
zala zinayi kuchoka pa lata.
Palibe.
Tinaivula chikopa chake. Palibe.
Zidina za nyumba yathu n'zonenepa, zimamwa chilichonse,
ngakhale kulira kwa galu.
Tinakhomera chitini pa mtengo wa bulugamu
n'kuutulutsira pawindo, kuloza denga labuluu la sukulu.

Tsiku lomwelo ndinakagwada kwa aphunzitsi a Zenobia.
Kabokosi kawo kanali m'kabati, kuseri kwa mabuku a masamu,
tinyanga take titagona.
Anakatulutsa, kukaika pawindo, tinyanga n'kutidzutsa.
Theka la ntchito linali limenelo,
koma amalume musawauze.

Madzulo ndinapotoza mtengo pang'onopang'ono,
ngati wosaka wailesi yakutali.
Kamodzi.
Kamodzi kaja kanazima, kanabwera,
kenaka pambali pake panamera kena,
kafupi ngati njere ya balere.
Ndinasiya kupuma.

Tinawanyamula amayi ndi mpando womwe.
Inaitana kanayi.
Nkhope inabwera zidutswazidutswa,
chipumi poyamba, chisoti chachikasu,
kenaka ndevu zomwe sitinazionepo.
Zaka zitatu amayi anasunga mawu oti adzanene,
ndinkawamva akuwayeseza usiku.
Anangoti: waonda.

Iye anaseka, kusekako n'kufika mochedwa,
pakamwa patatsekeka kale.

Ndiye mphepo ya kuno, yosapempha njira,
inakankha chitini chala chimodzi kumanzere.
Edilberto anauma pagalasi kukamwa kuli yasa,
pakati pa mawu.
Amayi sanadandaule. Anamuyang'ana choncho,
kumuwerenga mano ngati akadali wa zaka zisanu ndi chimodzi.

Ndinagwira mtengo manja awiri, kuubweza.
Anasungunuka, anamaliza chiganizo:
ankafunsa za mbatata, ngati chisanu chazisiya.

Mlonda amazimitsa batire la sola dzuwa likalowa.
Mpaka nthawi imeneyo ndine mzati,
mapewa akuyaka, zala zachita dzanzi,
nkhope ndalozetsa kunja kuti asaone kuti ndatopa,
kumbuyo kwanga anthu awiri akukangana
za mtengo wa feteleza
ndi za mtsikana wina wa ku Calama
yemwe dzina lake likudukaduka.