Hedley Garside Akudikira Kuwala

Ku Grimsby, kumene mphepo imanunkha nsomba ndi dizilo,
mayi ake ankang'amba matikiti pakhomo la kanema.
Iye, kamwana ka mamina,
ankalowa ulere n'kukhala mpando wakutsogolo,
maso m'mwamba mpaka khosi kuuma.
Bambo ake anapita ndi sitima ya asodzi mu Januwale.
Sitimayo sinabwerere.

Nkhani yake yoyamba anailemba kuseri kwa mabilu a gasi.
Ku London anati: Anthu akowa salankhula, Hedley.
Iye anati: Kwathu salankhula.
Mapepala anabwerera ali ndi chidindo cha kapu ya tiyi.

Ine ndinamudziwira m'kachipinda kopanda zenera ku Soho,
zaka makumi atatu ndi chimodzi,
ndikudula ndi kulumikiza zimene anazizidwira pojambula.
Ankatha kuimika anthu makumi asanu padoko,
zala zitachita dzanzi, ndalama zikusungunuka,
kudikira kuti mtambo umodzi usunthe.
Anyamata a magetsi ankamutukwana chamumtima.
Mtambo ukasuntha, onse zii.

Mafilimu asanu ndi anayi.
Awiri anabweza ndalama.
Ina anaichotsa patangotha masiku atatu,
ndipo ndiyo ankaikonda, ngati mwana wodwaladwala.
Mkazi wake anachoka pakati pa filimu yachisanu;
iye anazindikira Lachinayi, ataona kuti mkaka wasasa.

M'filimu iliyonse munali mayi ataima pazenera,
jekete pamapewa, kuyang'ana kunyanja.
Ndinkati: Patalika apa, anthu ayamba kutsokomola.
Iye ankagwira dzanja langa lisanafike pa lumo.
Msiye, ankatero. Sanabwere.

Chikho anampatsa mutu utayera kale.
Ankatsamiza nacho chitseko cha kukhitchini.

Lero ali m'nyumba ya okalamba ku Cleethorpes.
Kanema uja amagulitsamo makapeti.
Ndimakwera basi Lamlungu, ndi mabisiketi m'thumba,
ndipo amandifunsa ngati ndabwera kudzakonza wailesi.
Dzina langa linagwera pansi
ngati tizidutswa tija tinkasesa madzulo.

Koma dzulo, cha m'ma folo koloko,
anakweza manja onjenjemera,
zala zinayi n'kupanga kazenera,
n'kuloza kumene mtsinje wa Humber umathera m'nyanja.
Nesi analowa ndi mapiritsi pa kambale.
Dikira, iye anatero, osacheuka. Kuwala sikunafike.

Mtsikanayo anandiyang'ana.
Anali ndi zipinda zina khumi ndi ziwiri.
Anaima.
Tonse atatu tinadikira mtambo.