Banga la pa Dazi la a Aramaki

Ku Hirosaki chipale chofewa chinali chitakwirira misewu
tsiku limene a Aramaki anavula chipewa chawo chaubweya.
Pa dazi panali banga lofiirira ngati mphesa yakupsa.
"Ndinagunda nthambi," iwo anatero,
"pothyola maapozi mu Okutobala."
Koma uno ndi Febuluwale.
Mkwingwirima sugonera miyezi inayi,
sufalikira m'mbali ngati mafuta pansalu.

Ndinadulapo kakhungu kochepa ngati njere ya mpunga.

Patatha masiku asanu ndi atatu
ine ndi Dokotala Kanemitsu tinawerama pa maikulosikopu,
tikulandizana diso.
Timitsempha ta magazi tosochera,
tong'aluka, tokumana pomwe sitiyenera kukumana,
maselo onenepa atathithikana m'mphepete
ngati anthu m'sitima ya m'mamawa.
Tinathira utoto woyesera. Unagwira, bii.
Kanemitsu anavula magalasi, napukuta m'maso.
"Zaka makumi awiri pantchito ino,
aka n'kachitatu kuiona."

Khansa ya mitsempha ya magazi,
yobisala m'chovala cha bala wamba.

Lachinayi mkuluyo anabwera ndi bokosi.
"Awa ndasankha ndekha, alibe banga.
Apozi logundidwa limawola m'kati
kunja likuseka."
Anakhala chete. Anandiyang'ana pakamwa.

Ndinakokera mpando pafupi, ndinawauza.
Kenako ndi cholembera chabuluu
ndinazunguliza malire a banga lija pamutu pawo,
pang'onopang'ono,
ndikudziwa kuti malire enieni
ali kutali, komwe diso langa silifika.

"Kudulira mitengo kumayamba Malichi," anatero.
"Ndidzakhala nditatuluka?"