Kugawa Maso

Zaka khumi ndi chimodzi ndinayenda ndi magalasi awiri,
ena pamphuno, ena pachingwe cha nsapato m'khosi.
Pagome langa la mawotchi, kuseri kwa City Market,
ndikavala oonera timano ta mkati mwa wotchi,
mwini wotchiyo ankasanduka nkhungu yolankhula.
Ndikavala oonera munthu,
kamsomali kankagwa pansi, kupita kosabwerera.
Kawiri konse ndinakwera basi ya ku Kanyama
ndikuyesa ya ku Chilenje.

Tilyenji, chitsiriza wanga, anangoti,
Atate, ndalipira kale, Lachinayi tipita.
Ndinafunsa mtengo.
Iye anayamba kukamba za mvula.

Dokotala anali mtsikana, Chinyanja chake chonunkhira Chibemba.
Tigawa ntchito, anatero.
Lamanja liziona kutali, lamanzere pafupi,
ubongo udzawayanjanitsa.
Ndinati, mayi, kwathu ku Katete tinagawa munda wa malemu bambo,
ine ndi mkulu wanga Lekani,
mpaka lero sitipatsana moni.
Anaseka, nandidonthezera mankhwala ozizira.

Kachitsulo kanagwira zikope kuti ndisaphethire.
Yang'anani kanyali kofiirako, musakasiye.
Makina anayamba kulira tititi,
ngati wotchi yothamanga imene ndikanaibweza kumbuyo.
Kunamveka fungo la tsitsi lowauka.
Ine amene ndatsegula mimba za mawotchi osawerengeka
ndinagona chagada, chivindikiro chotsegula,
pagome la mmisiri wina.
Ndinawerenga masekondi, poti ndi chizolowezi:
makumi awiri ndi atatu kumanja,
kumanzere ndinasokoneza pa khumi ndi zinayi.

Usiku umenewo m'maso munali mchenga.
Magetsi anazima Chilenje yonse,
koyamba m'moyo wanga ndinathokoza mdima.

Kenako mkangano.
Lamanja likati khomo lili apo,
lamanzere linkati ayi.
Ndinathira tiyi pambali pa kapu.
Nyali za magalimoto pamsewu wa Burma zinavala nkhata.
Ndinkatsika sitepe ngati wowoloka mtsinje wosaudziwa,
ndipo ndinanong'oneza akazi anga kuti ndalama za mwana zapita m'madzi.

Sindidziwa tsiku limene anagwirizana.
Panalibe nkhoswe, panalibe wopepesa.
Ndinangoona kuti ndawerenga chikwangwani cha basi
isanadutse pamalo othirira mafuta,
ndaweramuka, ndawerama,
ndipo tindalama ta m'dzanja langa tili ndi manambala.
Mawindo a Findeco ndinawawerenga mpaka kumwamba,
ena osweka, zimene palibe anandiuzapo.

Zilose ankayanika zovala kumapeto kwa bwalo.
Ndinamuona kuchokera pakhomo, mpaka zopanira zili kukamwa.
Atafika pafupi ndinati, imvi izi zabwera liti?
Anati, izi ndi zakale,
wochedwa kufika ndiwe.

Loweruka Tilyenji anaiwala envulopu pampando.
Sindinafune kuwerenga. Diso lamanzere linawerenga lokha,
timalemba tating'ono ta pansi penipeni:
ngongole, miyezi makumi awiri ndi inayi,
kudula pamalipiro.
Ndinaibweza mmene inalili.
Atabwera kudzaitenga ndinamufunsa za mvula.

Dzanja likadapitabe pachifuwa kukafuna chingwe,
nkupeza batani la malaya.
Magalasi onse awiri ali m'chitini cha zomangira,
pamodzi ndi mawotchi amene eni ake sanabwerenso.

Kuseri kwa kalendala yakale kuli nambala ya foni,
yolembedwa ndi pensulo, mwana wa Lekani ataisiya pamaliro.
Zaka zonsezi ndinkati siioneka bwino.
Dzulo ndaiwerenga mosavuta, manambala khumi.
Maso anamvana m'masabata asanu.
Ife chaka chino n'chakhumi ndi chisanu ndi chinayi.
Foni ili pagome, pakati pa timasikuluu.
Ndikuiona bwinobwino.